Abambo a m'mafilimu: mafunso ndi mayankho kwa Amalawi a ku Leicester

Ku England, Lamulungu lachitatu la mwezi wa June ndi tsiku la abambo. Likamayandikira, masitolo a mu Highcross ku Leicester amadzaza makhadi, masokosi ndi mafuta onunkhira, ndipo nyuzipepala zimayamba kundandalika mafilimu onena za bambo ndi ana ake. Kwathu tsiku la anakubala, pa 15 October, ndi tchuthi cha dziko lonse, pamene la abambo limangodutsa pa WhatsApp. Mafunso otsatirawa ndi a munthu amene akufuna kudziwa kuti pa mafilimu ambirimbiriwo, oyenera kuwapatsa madzulo athunthu ndi ati, makamaka ngati akulera ana ku Leicester, Nottingham kapena Derby, kapena anasiya ana kumudzi.

Kodi Mmalawi ayambire pa filimu iti?

Ayambire pa yakwathu, The Boy Who Harnessed the Wind, ya mu 2019. Ambiri amaikumbuka ngati nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu amene anabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, n'kupanga makina oyendera mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Izo n'zoona. Koma mukaionera kachiwiri mudzapeza kuti phata lake ndi bambo ake, a Trywell.

Chiwetel Ejiofor, wobadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria, ndiye analemba filimuyi, kuiwongolera, ndi kusewera gawo la bamboyo. Anakajambulira ku Kasungu komweko. Chichewa chake chinaseketsa Amalawi ambiri, ndipo odandaulawo sanali kungolalata, pakuti akatswiri a zisudzo olankhula Chichewa chenicheni tili nawo. Komabe lilime likam'khota, nkhope yake sinama.

Njala ya 2001 ndi 2002 yafika, nkhokwe yauma, banja likudya kamodzi patsiku, ndiye mwana akubwera kudzapempha njinga ya bambo ake kuti aiduledule. Bamboyo akupsa mtima, akuphwanya kachipangizo ka mwanayo, n'kumupatsa khasu. Woonera wa ku Ulaya amangoonapo nkhanza. Ife timadziwa ntchito ya njinga pakhomo la kumudzi: ndiyo imapita kuchigayo, ndiyo imanyamula wodwala, ndipo chaka cha njala ndiyo yomaliza kugulitsidwa kuti papezeke ndalama ya chimanga cha ku Admarc. A Trywell akukana chifukwa akuganiza za chimene ana adye mawa. Chovuta kwambiri chikubwera pambuyo pake, pamene munthu wamkulu, amene njira zake zonse zamuthera, akuvomera kuti mwana wake akudziwa chimene iye sakudziwa, n'kupereka njingayo.

Ndiye filimu yabwino ya bambo imadziwika ndi chiyani?

Kwa ine, imadziwika ndi kulimba mtima kosonyeza bambo atalephera mwana wake akuona, kenako n'kutionetsa chimene bamboyo achite. Bambo wopambana pa chilichonse satiphunzitsa kanthu, chifukwa palibe mwa ife amene analeredwa ndi munthu wotero.

Filimu imene inachita izi kuposa zonse ndi ya ku Italy, Bicycle Thieves, ya Vittorio De Sica, ya mu 1948. Nayonso ndi nkhani ya njinga. Nkhondo yachiwiri itangotha, ntchito zikusowa ku Rome, Antonio Ricci wapeza ntchito yomata zithunzi zotsatsa m'makoma, koma ntchitoyo ikufuna njinga. Mkazi wake, Maria, akupinyolitsa nsalu za pabedi kuti aombole njinga imene inali kale pa pinyolo. Tsiku loyamba lomwe njingayo ikubedwa. Antonio ndi mwana wake Bruno akuzungulira mzinda wonse osaipeza, mpaka bamboyo, zitamuthina, akuba njinga ya munthu wina. Akugwidwa, akumenyedwa makofi mwana akuonerera. Mwini njinga, ataona mwanayo akulira, akuti amusiye. Awiriwo akulowa m'chikhamu cha anthu, Bruno atagwira dzanja la bambo ake.

Amene anasewera Antonio, Lamberto Maggiorani, sanali wa zisudzo, anali wogwira ntchito m'fakitale. Wakabaza aliyense wa ku Dedza kapena ku Salima amene njinga yake inabedwapo angaimve filimuyi popanda womasulira.

Nanga Leicester yeniyeni ili ndi mafilimu otere?

Ilipo imodzi yojambulidwa mumzindamo, Jadoo, ya mu 2013, ya Amit Gupta, mwana wa ku Leicester komweko. Amuna awiri apachibale, onse akatswiri ophika, anakangana mpaka kung'amba pakati buku la maphikidwe la banja lawo, aliyense n'kutsegula lesitilanti yake moyang'anizana pa Belgrave Road. Papita zaka zambiri osalankhulana. Mwana wamkazi wa mmodzi wa iwo, Shalini, akukwatiwa, ndipo akufuna kuti bambo ake ndi m'bale wawoyo aphikire limodzi paukwati. Ndi filimu yopepuka, yoseketsa, yosafika pa ziwiri zija. Koma aliyense amene anakhalapo nkhoswe pa mkangano wa abale awiri adzazindikira mmene mwana amasenzera udani umene sanauyambitse.

Yolemera kwambiri ndi Bend It Like Beckham ya mu 2002. Nkhani yake ikuchitikira ku London, koma Parminder Nagra, amene anasewera mtsikana wokonda mpira Jess, anabadwira ndi kukulira ku Leicester. Bambo a Jess, a Bhamra, gawo limene anasewera Anupam Kher, anachokera ku Nairobi. Kumeneko anali katswiri wa cricket, koma atafika ku England azungu anawathamangitsa kukalabu, ndipo analeka kusewera. Akamaletsa mwana wawo mpira, sikuti akudana ndi mpirawo. Akuopa kuti mwanayo akanyozedwa monga iwo ananyozedwera. Pa tsiku la ukwati wa mkulu wake wa Jess, ataona kuti mtsikanayo ali ndwii pakati pa anthu ovina, akumulola kuzemba kuti akasewere masewero omaliza.

Bambo ameneyu mu Leicester alimo ambiri. Mu 1972 Idi Amin atathamangitsa amwenye ku Uganda, khonsolo ya mzindawu inalengeza m'nyuzipepala ya Uganda Argus kuti asabwere ku Leicester, koma anabwerabe zikwizikwi. Amwenye a ku Malawi nawonso anafika m'zaka zomwezo za m'ma 1970, boma la Dr Banda litawalamula kuchoka m'madera a kumidzi kuti azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Ambiri anakhazikika ku Highfields ndi Spinney Hills, ndipo mpaka lero mkulu wa ndevu zoyera akhoza kukulonjerani m'Chichewa cha ku Limbe. Mantha a Bhamra alinso ndi Mmalawi amene anafika zaka makumi atatu pambuyo pawo. Bambo amene anali mphunzitsi wamkulu ku Zomba koma pano akusenza makatoni usiku ku Magna Park sachedwa kuuza mwana kuti asiye zoimba, aphunzire unamwino basi.

Mukamati East Midlands, dera la Leicester, Nottingham ndi Derby, anthu amatchula Shane Meadows. Iyeyu ali ndi chiyani pa nkhani ya abambo?

Ali nazo zambiri, ngakhale kuti abambo a m'mafilimu ake kawirikawiri amakhala kulibe, kapena alipo koma osadalirika. Meadows anabadwira ku Uttoxeter, koma ntchito yake anaikulitsira ku Nottingham.

Mu This Is England ya mu 2006, Shaun ndi mnyamata wa zaka 12 amene bambo ake anafera ku nkhondo ya ku Falklands mu 1982. Malo amene bambo anasiya akulowamo Combo, mwamuna wotuluka kundende, wodana ndi alendo, amene akumutenga mwanayo ngati wake, kumuyamikira, kumukumbatira, ndi kumuphunzitsa chidani. Filimuyi inapambana mphoto ya BAFTA ya filimu yabwino ya ku Britain mu 2008. Chimene chimaopsa ndi chakuti Combo amamukondadi Shaun. Mwana wosowa bambo amatsata aliyense amene wamuyang'ana kawiri, ndipo magulu oipa amadziwa zimenezi kuposa mipingo.

A Room for Romeo Brass ya mu 1999, yojambulidwa ku Calverton m'chigawo cha Nottinghamshire, ili ndi abambo awiri: wa Romeo, wankhanza amene anathawa banja n'kubwerera popanda womufuna, ndi wa Gavin, wofatsa mpaka kugwada pamaso pa munthu woopseza banja lake. Tsiku la zoopsa, amene akupulumutsa onse ndi wankhanza uja. Meadows sakumukhululukira, akungotikaniza kuweruza mofulumira.

Koma imene ndimafuna kuti Amalawi aione ndi Once Upon a Time in the Midlands ya mu 2002, ngakhale akatswiri amaiyesa yofooka pa mafilimu ake. Jimmy, wakuba wa ku Glasgow, anabereka mwana wamkazi, Marlene, n'kumusiya. Dek, mwamuna wamanyazi wokonza magalimoto ku Nottingham, ndiye wakhala akumulera. Jimmy atabwerera, mayi wa mwanayo akutekeseka mtima, koma Marlene sakukayika n'komwe: bambo ake ndi Dek.

Kwa ife funso limeneli si lachilendo. Kwa Achewa, Ayao ndi Alhomwe, mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, ndipo mawu omaliza pa ukwati, pa mlandu kapena pa maliro amakhala a malume. Mkamwini amalima, amamanga nyumba, amalipira fizi, koma ukwati ukatha amanyamula kachikwama kake n'kusiya ana. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Asena, kumene amalowola, zimapita kwina. Kuno ku England malume ali kutali, nkhoswe zili pa foni, ndipo bambo watsala yekha ndi udindo umene kumudzi unkagawidwa kwa anthu asanu. Mafilimu a Meadows amathandiza chifukwa samafunsa za magazi, amafunsa kuti analipo ndani.

Billy Elliot si nkhani ya mwana wovina? Ikulowa bwanji pano?

Mwana ndiye amavina, koma amene amasintha ndi bambo ake. Filimuyi, ya mu 2000, ikuchitika pa sitalaka ya anthu a m'migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985, ku County Durham. Jackie Elliot, mkazi wake atamwalira, akupereka 50p ya nkhonya sabata iliyonse, osadziwa kuti mwanayo akuilipira ku gule wa ballet. Atazindikira akumuletsa mwaukali. Nyumba yazizira mpaka akuwaza piyano ya malemu mkazi wake kuti apeze nkhuni za Khirisimasi. Ndiye usiku wina akumuona Billy akuvina, ndipo posakhalitsa akukwera basi ya obwerera kuntchito, anzake akuitukwana ndi kuigenda, kuti apeze ndalama ya ulendo wa Billy wa ku London. Mwana wake wamkulu, Tony, akumuthamangira kukamubweza, ndipo amuna awiriwo akulirira pabwalo la mgodi.

Kuti mumve kulemera kwa basi imeneyo, dziwani mbiri ya dera lino. Ku Nottinghamshire anthu ambiri a m'migodi anapitiriza kugwira ntchito, ndipo ku Leicestershire, pa anthu oposa 2,000, pafupifupi 30 okha ndiwo ananyanyala mpaka kumapeto. Anawatcha Dirty Thirty. Mabanja ena anagawikana osadzagwirizananso. N'chifukwa chake pamene bwalo la zisudzo la Curve ku Leicester linaonetsa sewero la nyimbo la Billy Elliot mu 2022, silinali kufotokoza nkhani ya kutali.

Ifenso migodi inatilanda abambo, koma mwa njira ina. A Wenela ankatenga amuna kupita nawo ku Joni zaka ziwiriziwiri, mpaka mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Banda analetsa. Pambuyo pake kunabwera a TEBA. Ana ambiri a nthawiyo ankawadziwa bambo awo ndi bulangete, wailesi ndi njinga zimene ankabwera nazo. Ena sanabwere n'komwe, anasanduka matchona.

Bwanji simukutchula The Pursuit of Happyness, imene aliyense amaikonda?

Ndiitchula, ndipo ndimaikonda theka. Will Smith ndi mwana wake weniweni, Jaden, anasewera Chris Gardner ndi mwana wake ku San Francisco wa mu 1981. Pamene akugona m'chimbudzi cha pasiteshoni, bamboyo atatchinga chitseko ndi phazi, misozi ikutsika mwakachetechete kuti mwana asadzuke, palibe kholo limene lingaonere osameza malovu. Vuto langa ndi mathero. Filimuyi ikuti kuvutika konseko kunali koyenera chifukwa Gardner anadzalemera. Nanga abambo amene anavutika chimodzimodzi koma ntchito sanaipeze? Antonio Ricci njinga sanaipeze.

Taken ya mu 2008, imene inkadzaza mavidiyo a ku Ndirande ndi ku Mchesi, ndi maloto a bambo amene akufuna kukonza zaka zosowa pakhomo ndi mfuti ya masiku anayi. Onerani kuti musangalale basi. Ngati mukufuna Denzel Washington, siyani John Q mutenge Fences ya mu 2016, mmene bambo wotola zinyalala ku Pittsburgh, Troy Maxson, amadyetsa mwana wake, kumuveka, koma osamuuzapo mawu amodzi okoma, n'kumaona kuti watha ntchito yake. Ambiri a ife tinaleredwa ndi Troy Maxson.

Anthu akhala akukamba za Adolescence. Kodi ikukhudza abambo?

Kwambiri, ndipo ili ndi mwini wake kuno. Stephen Graham, yemwe uja anali Combo, ndi wa ku Merseyside koma wakhala zaka zambiri ku Ibstock, mudzi wakale wa migodi pafupi ndi Coalville m'chigawo cha Leicestershire. Iye ndi Jack Thorne ndiwo analemba sewero la magawo anayi limeneli, limene Netflix inatulutsa mu March 2025. Gawo lililonse analijambula kamodzi n'kamodzi, kamera osaima.

Graham akusewera Eddie Miller, wokonza mipope ya madzi, amene mwana wake Jamie, wa zaka 13, wamangidwa pa mlandu wopha mtsikana wa kusukulu kwawo. Eddie si chidakwa, sanathawe banja. Bambo ake ankamukwapula ndi lamba, ndipo iye analumbira kuti sadzatero kwa ana ake. Ankagwira ntchito mpaka usiku, akabwera n'kuona getsi likuyaka kuchipinda kwa mwana, ankati mwana ali pakhomo, ali bwino. Kuchipindako n'kumene intaneti inkamuphunzitsa kunyoza akazi.

Apa Mmalawi wa mashifiti a usiku aimirire pang'ono. Kumudzi mwana akasochera amaonekera, chifukwa wina amuona kudambo kapena pagolosale n'kudzakuuzani. Kuno amasochera chitseko chili chotseka, mayi ali kuntchito yosamalira okalamba, bambo akugona masana. Seweroli linakhudza anthu mpaka Netflix inalola kuti lionetsedwe ulere m'masukulu a sekondale a ku Britain, nduna yaikulu Keir Starmer atavomereza. Graham ndi Owen Cooper, amene anasewera Jamie, onse analandira mphoto za Emmy mu 2025.

Nanga za kuonera limodzi ndi ana aang'ono?

Yang'anani chizindikiro cha bungwe la BBFC: U ndi ya aliyense, PG imafuna kholo pafupi, kenako 12A, 15 ndi 18. Musanyengedwe ndi kuona mwana pachikuto. Billy Elliot ndi 15 chifukwa cha kutukwana, This Is England ndi 18.

Kwa aang'ono, The Lion King ya mu 1994 ikadali yabwino, ndipo Mmalawi amaonamo chimene mzungu sachiona msanga. Scar ndi bambo aang'ono a Simba, munthu amene pa mwambo wathu akanayenera kulera mwana wamasiye, koma iye ndiye akulanda zonse. Kulanda chuma cha masiye tikukudziwa, mpaka Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolimbana nako mu 2011. Finding Nemo ya mu 2003 ndi ya makolo kuposa ana. Marlin, bambo wa Nemo, anataya mkazi ndi mazira onse kupatula limodzi, ndipo mantha ake ndi amene akukankhira Nemo m'mavuto.

Mafilimu amenewa tingawaonere kuti?

The Boy Who Harnessed the Wind ndi Adolescence zili pa Netflix. Akale ngati Bicycle Thieves amabwerabwera m'nyumba za kanema zoima pazokha: Phoenix pa Midland Street ku Leicester, Broadway ku Nottingham, ndi QUAD ku Derby. Mafilimu a Chihindi, monga Dangal ya mu 2016 mmene Aamir Khan akuphunzitsa ana ake aakazi kulimbana mpaka mmodzi kupata mendulo ya golide, savuta kupeza mumzinda umene uli ndi Belgrave Road.

Kodi opanga mafilimu a ku Malawi anenapo chiyani za abambo?

Shemu Joyah ndiye wayesetsa. Mu The Last Fishing Boat ya mu 2012, Yusufu, msodzi wa m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, akuona nsomba zikutha ndipo mwana wake Mustafa akukana ukonde n'kumatsata alendo odzaona malo. Bamboyo ali ndi luso limene mwana sakulifuna, ndipo dziko nalo likuleka kulifuna. Mu Seasons of a Life, filimu yake yoyamba, bwana akupatsa mimba wantchito wa pakhomo, mwanayo n'kukulira m'nyumba ya bwanayo, kenako mayi wake n'kubwera kudzamufuna kukhoti. Mmenemo bambo ndiye gwero la mavuto.

Amene ndikufuna nditamuona pa kanema ndi bambo wa pa foni. Ali ku Leicester kapena ku Johannesburg, ana ali ku Area 25 kapena ku Mzimba. Fizi amatumiza pa nthawi yake, yunifolomu amagula, Lamulungu amaimba pa vidiyo, mwana n'kumuyankha kuti "tili bwino" kenako n'kubweza foni kwa mayi ake. Kuyambira pa 11 March 2024, amene ankabwera ku Britain pa viza yosamalira okalamba analetsedwa kubwera ndi mabanja awo, choncho makolo otere achuluka. Ndi mdzukulu wa bambo wa Wenela uja, kungoti m'malo mwa bulangete akutumiza pa Mukuru. Kodi akukonda ana ake kapena wawathawa? Iye mwini amadzifunsa funsolo akamatsika basi ya m'mawa, ndipo yankho silibwera limodzi.

Olemba mafilimu a ku Blantyre ndi Lilongwe, nanunso achinyamata a Chimalawi amene mukuphunzira za kanema ku De Montfort University, musadikire kuti mlendo wina adzaphunzire Chichewa kuti atijambulire bambo ameneyu. Mjambuleni nokha.